Miyendo Itatu

Che Likaka atatisiya, cholowa changa chinali bokosi:
kamera ya khosi lopindapinda ngati mvukuto wa osula,
nsalu yakuda yonunkhabe thukuta la mutu wawo,
ndi miyendo itatu ya mlombwa
yomwe inaima zaka makumi atatu kuseri kwa msika wa pa Boma
osaterereka ngakhale kamodzi.

Komatu amalumewo sankayenda.
Anthu ndiwo ankawalondola:
ofuna chiphaso cha ku Joni, akwati, anyamata otuluka ku ndagala.
Ine mapazi amandiyabwa.

Lachiwiri lina ndinaisenza mpaka ku depoti.
Kondakitala wa ku Namwera anaiyeza ndi diso,
nati, "Achimwene, awa ndi anthu awiri, alipire."
Wakabaza pamlatho anaseka chikhakhali,
akuti tayala lake lam'mbuyo lili ndi ana olidikira kunyumba.
Phewa langa lamanzere likundisungirabe mlandu.

M'sitolo ya Abiti Twaibu, pakati pa nyale za sola ndi mawailesi,
munapachikidwa ina yonyezimira,
yopepuka ngati phesi la mapira.
Ndinaibwereka, ndinaimika pafupi ndi nsanja ya wotchi,
ndinalowa m'nsalu.
Mwera utangotsokomola
nsanja yonse, chadodolido pagalasi langa,
inayamba kuvina manganje.
Mawondo ake njenjenje, ngati thole lobadwa m'mawa womwewo.
Filimu imodzi ndi mtengo wa nkhuku ziwiri;
sindingaiphe chifukwa cha phesi.

Mphwanga Jawadu ananditumizira chithunzi pafoni ali ku Durban:
yakuda bii, ya kaboni,
akuti umainyamula ndi chala koma imasenza mbuzi.
Ndinafunsa mtengo.
Ndinawerenga m'matumba a feteleza,
nditafika pa asanu ndi atatu ndinazimitsa foni.

Amene anandipulumutsa ndi Mayi Chikwenga a ku Mpondasi,
anapuma ntchito yoyeza malo kalekale.
Anatulutsa kunsi kwa bedi miyendo ya aluminiyamu,
yokalikakalika, phazi limodzi lomanga ndi mphira wa chubu.
Anati, "Usaikhulupirire chifukwa cha ine. Tenga tambula."
Tinaika madzi pamwamba pa kamera,
iwo anagogoda mwendo ndi chala,
tinawerenga.
Modzi. Wiri. Madzi zii.
"Yako ya m'sitolo ija ukanafika khumi."

Pasikelo ya wogulitsa nandolo inakwana makilo awiri ndi theka.
Ndi yaifupi, inde, ndimawerama ngati wobzala mpunga,
ndipo ndikaipinda imabisala m'chikwama cha kumsana
mutu wokha uli panja, ngati mwana wofuna kuona njira.

Wowotcherera zitsulo anandiikira kambedza pansi pake,
pomwe miyendo itatu imakumana.
Sanafunse ntchito yake. Anangoti faifi handiredi.

Tsono lero ndili pa Chowe, dzuwa lisanapse,
mphepo ikukankha udzu kutsikira kuchigwa.
M'thumba ndatulutsa kasaka kopanda kanthu.
Ndatola miyala ya pompano,
isanu, isanu ndi umodzi, wina wa ndere,
ndaikoleka pakambedza.
Miyendo yazika ngati yamera.

M'nsalu ya Che Likaka muli mdima ndi mpweya wanga.
Pagalasi, mayi wina akuyanika makaka pathanthwe,
mapazi kumwamba, mpango pansi,
ndipo palibe chikugwedezeka kupatula dzanja lake.
Ndadikira kuti nalonso lipume.
Ndagwira mpweya.
Thekee.

Miyala ndaikhuthula pomwe ndinaipeza,
wa ndere uja ndaubwezera m'kadzenje kake.
Phiri landibwereka kulemera kwake kwa mphindi makumi awiri
ndipo silinalembe ngongole.

Ya mlombwa ija ili kunyumba, pakona ya chipinda.
Mkazi wanga amakolekapo neti masana,
ndipo usiku ndikadzuka mwadzidzidzi
ndimaipatsa moni, kuyesa ndi amalume.